Rambo atakalamba: zomwe ndinaona pa Makawa nditayesa kuitana anthu ndi mafilimu a kale

Ndili ndi vidiyo sho pafupi ndi Makawa, m'mbali mwa msewu wochoka ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay. Muli mabenchi 14, pulazima imodzi, sipika yoika panja ndi jenereta yomwe imafuna kunyengerera. Ntchitoyi ndinaiyamba ndili mnyamata wotolera ndalama pakhomo, nthawi ya matepi ndi deki. Anzanga a ntchito yomweyi akhala akundifunsa kuti ndinachita chiyani mu 2023 kuti madala abwerere pa benchi, ndiye ndaona kuti ndilembe zonse, zimene zinayenda ndi zimene zinandichititsa manyazi.

Vuto lake

Masiku ano chimatidyetsa ndi mpira. Mafilimu anatithawa, chifukwa mnyamata amangopita kwa obena, n'kudzazitsa memori khadi, basi waonera pa foni ali chigonere pa mkeka. Tsono ligi ya ku England inatha pa 28 Meyi 2023 ndipo inali yoti iyambanso pa 11 Ogasiti, pakatipo popanda mpikisano waukulu wa matimu a mayiko woti n'kutipulumutsa. Miyezi yomweyo ndi ya mwera. Mphepo ikakula asodzi sapita pa nyanja, amangokhala pa doko kusoka ukonde kapena kusewera bawo. Nthawi ali nayo, ndalama zochepa, ndipo ine lendi sidikira.

Kumene ndinatenga nzeru

Azungu ali ndi mawu akuti nostalgia. Anawapeka ndi Johannes Hofer, wophunzira zachipatala ku Basel, mu 1688, pofuna kutchula matenda a anthu amene ankafooka chifukwa chosowa kwawo, makamaka asilikali a ku Switzerland okhala kutali. Ife timati kupukwa. Kuno sitifunika kuuzidwa, mungofunsa mnyamata amene watha zaka 5 ku Joni zomwe zimamuchitikira akamva fungo la usipa wowamba. Makampani a mafilimu anaona kuti munthu amapukwanso ubwana wake, ndipo kupukwa kumeneko kumatsegula chikwama.

Mu 2012 kampani ya Disney inagula kampani inzake ya mafilimu ya Lucasfilm ndi madola pafupifupi 4 biliyoni. Chimene inkagula kwenikweni ndi dzina la Star Wars, filimu ya mu 1977. Poitanira anthu ku gawo latsopano la mu 2015, kanema wachidule woitanira uja anathera pa Harrison Ford, mmodzi wa masitelingi a mu 1977, imvi zili mbuu, atalowanso m'chombo chake chakale cha m'mlengalenga ndi mnzake waubweya wonga chinyani, akunena kuti afika kwawo. Filimuyo inapanga madola oposa 2 biliyoni. Chaka chomwecho Jurassic World inabweza anthu ku chilumba cha zinyama zikuluzikulu zamakedzana cha m'filimu ya Jurassic Park ya mu 1993. Top Gun ya mu 1986 inadikira zaka 36 kuti itulutse gawo lachiwiri mu 2022, ndipo inayandikira madola 1.5 biliyoni. A James Bond, amene anayamba mu 1962, pokwanitsa zaka 50 anatulutsa m'galaja galimoto ya Aston Martin DB5 ya mu 1964 n'kuiyendetsanso mu Skyfall.

Ndikaonetsetsa, mbedza zawo ndi zomwezomwezo: nyimbo imene khutu limaidziwa, nkhope yokalamba imene munaisiya ili yachinyamata, ndi kachinthu kena monga galimoto kapena chipewa. Chifukwa chake n'chamalonda. Filimu yaikulu imadya madola mamiliyoni mazanamazana, ndiye dzina lodziwika kale silifuna kulifotokozera munthu. Komanso mwana amene anaonera mu 1977 lero ndi bambo wa ndalama, ndipo sagula tikiti imodzi, amatenga ndi ana.

Ndinati nanenso ndiyese. Dongosolo linali lakuti Loweruka madzulo ndionetse filimu yakale, Lamulungu ndionetse yatsopano ya mzere womwewo. Pa bolodi la choko ndinalemba kuti LOWERUKA LA MADALA. Khomo linali K200, wolipira masiku onse awiri K300. Mphwanga ankaika zithunzi pa WhatsApp, ndipo anyamata awiri a kabaza ndinawalonjeza kulowa ulere akamauza makasitomala awo.

Masabata awiri oyamba

Ndinayamba ndi Star Wars, chifukwa ndiyo inapanga ndalama zambiri kunjako. Ndinaika nyimbo yake yotchuka pa sipika kuyambira masana. Palibe anatembenuka. Amayi ogulitsa mandasi anandifunsa ngati kuli ukwati wa azungu ku loji. Madzulo analowa anthu osadzaza mabenchi atatu, ndipo Lamulungu, pamene Harrison Ford analowa m'chombo chija, malo amene ku America anthu ankakuwa, mkulu wina kumbuyo anangofunsa kuti, "Achimwene, chinyani chachikuluchi n'cha mbali iti?"

Top Gun inayendako bwino, koma osati pa chifukwa chomwe ndinkafuna. Anyamata anakonda ndege, anaionera ngati filimu yatsopano basi. Pamene Tom Cruise akukumana ndi Val Kilmer, mnzake wa mu 1986 amene mawu anali atamuthera chifukwa cha khansa ya pakhosi, chigawo chomwe anachikonza kuti chigwetse misozi, theka la anthu linatuluka kukagula tchipisi.

Kulakwa kunali kwanga. Ndinabwereka ubwana wa eni ake. Dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka 1999, ndipo zimene ife tinakula nazo ndi zimene zinkafika pa tepi n'kusankhidwa ndi mwini sho. Mwini shoyo ankasankha filimu yoti ngakhale sukumva Chingerezi udziwe kuti sitelingi ndi uyu, bosi wa adani ndi uyo, ndipo akumana kumapeto. Nkhani za mafumu a m'nyenyezi ndi zachikondi za oyendetsa ndege sizinkabweza ndalama ya mafuta, ndiye sizinkaonetsedwa. Munthu sangapukwe kumudzi kumene sanakhaleko.

Kufunsa

Sabata yotsatira ndinasiya bolodi lopanda kanthu n'kupita pa bawo ndi pa doko kukacheza. Sindinafunse kuti mukufuna filimu yanji. Ndinkangoyambitsa nkhani ya kale, kenako n'kukhala chete. Mayina anatuluka okha: Rambo, Komando, Van Damme, Chuck Norris, Bruce Lee, Jackie Chan. Chimene chinandithandiza kwambiri n'chakuti pafupifupi aliyense sankakumbuka mutu wa filimu. Ankakumbuka kachigawo. Muvi umene umaphulika ukalasa. Komando atasenza chimtengo paphewa. Van Damme atatambasula miyendo pa mipando iwiri. Kwa iwo Arnold Schwarzenegger ndi Komando m'filimu iliyonse, ngakhale Commando yeniyeni ndi imodzi yokha, ya mu 1985.

Apa pali msampha wina umene ndikanagweramo. Rambo woyamba, First Blood wa mu 1982, si amene anthu amamukumbuka. Mmenemo Rambo ndi msilikali wosokonezeka maganizo wochokera ku nkhondo ya ku Vietnam, akulimbana ndi apolisi a m'katauni kakang'ono, ndipo kumapeto amalira. Wa anthu athu ndi wachiwiri wa mu 1985 ndi wachitatu wa mu 1988, wa kansalu kumutu, uta ndi chifuwa pamtunda. Kupita motsatira manambala kukanandipha.

Pa bolodi sindinalembe dzina la filimu. Ndinalemba kuti MUKUUKUMBUKA MUVI WOPHULIKA UJA? Pansi pake tsiku ndi nthawi.

Loweruka limenelo mabenchi onse anadzaza, ena anakhala pansi, ena anaima pakhomo. Panabwera amuna amene sindinawaonepo mu sho ngakhale tsiku la Manchester United ndi Liverpool: eni mabwato, atelala, mkulu wina wogulitsa zitsulo za njinga amene amaoneka ngati saseka. Koma chimene ndinalemba m'kope langa usiku umenewo si chiwerengero. Anthuwo sankaonera kwenikweni. Ankafotokoza zimene zichitike zisanachitike, ankatsutsana kuti anaionera koyamba kwa ndani ku boma, wina akukumbutsa mnzake mmene ankagulitsira mango kuti apeze makobidi a pakhomo, wina mmene anakwapulidwira atathawa ku madrasa. Magetsi atathima pakati pa filimu, ine n'kuthamangira ku jenereta mtima uli m'mwamba, m'malo mokwiya anaombera m'manja. Wina anakuwa kuti, "Eya, tsopano ndiye ndi vidiyo sho!"

Pamenepo ndinazindikira kuti katundu amene ndikugulitsa si Rambo. Rambo ali pa foni ya mwana aliyense. Chimene sichili pa foni ndi chipinda chamdima chodzaza anzako a msinkhu umodzi, kutentha, phokoso la jenereta, ndi iwe wa zaka 12. Ndikuganiza kuti a Hollywood nawonso amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake Top Gun ya 2022 anaisunga nthawi yonse ya Covid osaitulutsa pa intaneti, kudikira kuti nyumba za kanema zitsegulidwe.

Lamulungu la manyazi

M'mawa mwake ndinalemba pa bolodi kuti RAMBO WABWERANSO. Inali Last Blood ya mu 2019. Ana ndinawaletsa, chifukwa muli nkhanza zoti ngakhale wamkulu amayang'ana kumbali. Anthu anadzazanso, ambiri atalipira kale K300 ija.

Sylvester Stallone, amene ndi Rambo, anabadwa mu 1946, ndiye filimuyi inatuluka ali ndi zaka 73. Tsitsi lalifupi, kansalu kumutu palibe, nkhalango palibe. Ali pa famu ku Arizona, akumwa mapiritsi, akulimbana ndi zigawenga za ku Mexico. M'chipinda munali zii. Anthu anaombera m'manja kamodzi kokha, kumapeto penipeni, pamene mayina akukwera ndipo akuonetsa zidutswa za mafilimu akale aja. Potuluka mkulu wa zitsulo za njinga uja anaima pa ine.

"Mwana wanga, uja si Rambo."

"Ndi yemweyo, bambo. Wangokula."

"Kukula tonse takula. Ine ndabwera kudzaiwala zimenezo, iwe ukundikumbutsa ndi ndalama yanga."

Sabata yotsatira ndinaona mphako pa mabenchi. Ndinali nditalonjeza chinthu chimene filimuyo ilibe, ndipo mwini bolodi ndine, osati Stallone. Zimenezi zimawagweranso akuluakulu. Terminator ya mu 2019 inabweretsa Schwarzenegger ndi Linda Hamilton, nkhope za mu 1984 ndi 1991, koma m'mphindi zoyambirira inapha John Connor, mwana amene anthu anatha mafilimu awiri akumupempherera kuti apulumuke. Inaluza ndalama. Indiana Jones ya mu 2023, momwe kompyuta inabwezeretsa Harrison Ford ku unyamata m'chigawo choyamba, nayonso sinabweze monga ankayembekezera. Nkhope yakale imamufikitsa munthu pakhomo. Akalowa n'kupeza kuti mwamuwonongera chimene amasunga mumtima, mkwiyo wake umaposa wa munthu amene waonera filimu yoipa wamba.

Kuti ndibweze anthu ndinaika The Expendables 2 ya mu 2012, momwe muli Stallone, Schwarzenegger, Van Damme ndi Chuck Norris pamodzi. Pa bolodi ndinangondandalika mayina. Anabwera, ndipo Chuck Norris atatulukira mu utsi denga linatsala pang'ono kusasuka. Koma anyamata ankangoyang'ana madala modabwa kuti akukuwira chiyani, ndipo palibe anapemphapo kuti ndiibwereze. Ili ngati thobwa lotsekemera kwambiri, kapu imodzi yakwana.

Creed

Chimene chinayenda bwino kuposa zonse ndinachipeza mosayembekezera. Ambiri ankakumbuka nkhonya za Rocky, amenenso ndi Stallone, ndi mzungu wamtali wa ku Russia. Imeneyo ndi Rocky IV ya mu 1985, momwe Ivan Drago, amene ndi Dolph Lundgren, amapha Apollo Creed, mnzake wa Rocky, mu ring'i. Ndinaionetsa Loweruka. Lamulungu ndinaika Creed ya mu 2015, ndipo ndinasintha lamulo la pakhomo: bambo kapena malume akabwera ndi mwana wa zaka zoposa 13, mwanayo alowa ulere. Mphwanga anati ndikutaya ndalama. Mwina ndinatayadi pang'ono tsiku limenelo.

Ryan Coogler, amene anakonza filimuyi, sanamuvule Stallone malaya kuti amenyenso nkhonya. Rocky ndi nkhalamba ya kalesitilanti, mkazi anamwalira, ndipo pakati pa filimu amapezeka ndi khansa. Wokalamba ngati Rambo uja, koma pano palibe anadandaula, chifukwa filimuyo sikunamizira kuti iye ndi sitelingi. Sitelingi ndi Adonis, mwana wa Apollo Creed uja, amene ndi Michael B. Jordan, ndipo ntchito ya nkhalamba ndi kuphunzitsa. Madala anapeza malo awo m'nkhaniyo, anyamata anapezanso awo. Onaninso mmene anasungira nyimbo ya malipenga ija ya Rocky. Sanaimwaze paliponse. Anaibisa mpaka raundi yomaliza, ndipo italira madala anadzuka pa benchi, ana n'kudzuka nawo osadziwa chifukwa chake. Kumapeto awiriwo amakwera masitepe a ku Philadelphia amene Rocky ankathamangapo mu 1976, koma tsopano pang'onopang'ono, nkhalamba ikupuma movutika.

Panalinso china chimene a ku America sakanachidziwa. Adonis ndi mwana wobadwa kunja kwa banja, bambo ake anamwalira iye asanabadwe, ndipo akulimbana ndi funso lakuti atenge dzina la munthu amene sanamuonepo kapena ayi. Kuno kwathu makomo ambiri ali ndi mwana amene bambo ake amawadziwira pa foni, ali ku Johannesburg kapena Durban, ena anasiya n'kuimba komwe. Ambiri mwa anyamata amene analowa ulere tsiku limenelo anabwera ndi amalume. Sindinenapo zambiri, koma chipinda chinali chete mosiyana ndi chete wa Last Blood.

Sabata yotsatira ndinaika Creed II ya mu 2018, momwe Drago wokalamba amabwera ndi mwana wake kudzamenyana ndi mwana wa munthu amene anamupha. Pa bolodi: MWANA WA APOLLO NDI MWANA WA DRAGO. Sindinafunike anyamata a kabaza. Kenako Creed III, imene inali itangotuluka chaka chomwecho ndipo Stallone mulibemo. Madala anabwera ochepa, koma mabenchi anadzaza ndi anyamata olipira okha, ena mwa iwo omwe aja analowa ulere. Kwa ine apa ndi pamene kupukwa kunagwira ntchito yake yonse. Kunabweretsa bambo, bambo anabweretsa mwana, ndipo mwanayo anatsala ndi filimu yakeyake. Mzere wa mafilimu umene sungathe kupatsirana chonchi ukudya mbewu.

Za ndalama ndi zimene ndinaphonya

Ndisakunamizeni kuti ndinalemera. Nditachotsa mafuta a jenereta ndi masabata awiri otayika aja, ndinalipira lendi ya miyezi iwiri popanda kukongola, chinthu chimene chaka cha m'mbuyo mwake chinandikanika. Phindu lina ndi la madala angapo amene anazolowera njira ya ku sho ndipo pano amabwera ku mpira. Ndinaonanso kuti chinthuchi sichifuna kuchita sabata iliyonse mpaka kalekale. Pofika kumapeto kwa Julayi nkhani za mango ndi madrasa zinali zitafotokozedwa kokwanira, ndipo kuombera m'manja kwa jenereta kunasanduka kudandaula wamba.

Chimene ndinachiphonya anandiuza ndi mayi a kunyumba. M'masabata onsewa munalowa akazi osakwana dzanja limodzi. Ndinkaganiza kuti n'chifukwa cha nkhonya ndi mfuti. Iwo anati, "Inu bambo, ife nthawi imeneyo ankatilola kupita ku vidiyo? Mukufuna tikumbuke chiyani?" Zoonadi, sho ya matepi inali ya anyamata. Akazi a msinkhu wathu mafilimu anawapeza mochedwerapo, pa ma CD a ku Nigeria, m'nyumba ya mnansi amene anali ndi sikirini. Amakumbuka Aki ndi Pawpaw, afiti, apongozi ankhanza. A ku Nigeria nawonso malonda amenewa anawalowa: Living in Bondage ya mu 1992 inatulutsa gawo lotsatira mu 2019, lokonzedwa ndi Ramsey Nouah, ndipo Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme anabwereranso ngati Aki ndi Pawpaw mu 2021. Imeneyo ikufuna masana, osati usiku, ndipo ikufuna kuti oitana akhale amayi anzawo, osati bolodi langa. Sindinaiyesebe.

Pa 11 Ogasiti Burnley inasewera ndi Manchester City, ine n'kufufuta LOWERUKA LA MADALA pa bolodi. Ndikufufuta choncho, mkulu wa zitsulo za njinga uja anaima ndi njinga yake.

"Chaka chamawa udzaike Bruce Lee."

"Koma bambo, ameneyo anamwalira mu 1973. Lamulungu ndidzaonetsa chiyani? Alibe yatsopano."

"N'chifukwa chake ndikumufuna. Udzaike yomweyo kawiri."

Ndinalemba m'kope, pansi pa ngongole ya mafuta.